Mlandu wa M'nyumba Upita Kuti? Mbiri ya Ankhoswe ndi Alangizi m'Makomboni a Lusaka

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, m'phunziro lathu la mbiri yakale lero sitikamba za nkhondo kapena za mafumu ochuka. Tikamba za cinthu cimene cimacitika kuseri kwa citseko, cimene ambiri a inu munacimvapo usiku mutadzifunditsa bulangeti ngati muli m'tulo: kukangana kwa atate ndi amai. Musacite manyazi pomva nkhani imeneyi. Lilime ndi mano zimakhala m'kamwa mmodzi, koma tsiku lina zimalumana. Coteronso anthu awiri okhala m'nyumba imodzi salephera kulakwirana. Funso lathu ndi ili: pamene awiriwo alephera kumvana paokha, amapita kwa yani? Yankho lake lasintha kangapo m'zaka zana zapitazi, ndipo tikalitsata bwino tidzaona kuti tikutsata mbiri ya mzinda wathu wa Lusaka.

Tiyambire ku Ng'ombe

Ng'ombe ndi komboni ya kumpoto cakum'mawa kwa Lusaka, pafupi ndi Roma ndi Kalundu, ndipo sikutali ndi Yunivesite ya Zambia imene inatsegulidwa mu 1966. Akuluakulu a kumeneko amati dzinali linacokera ku ng'ombe zimene zinali kudya msipu pamalopo anthu asanamangepo nyumba. Lero msipu kulibe. Kuli nyumba zothithikana, misika, masukulu, machalichi ndi anthu olankhula zinenero za zigawo zonse za dziko lino.

Tiyerekeze banja limodzi la kumeneko. Mwamuna ndi Mcewa wa ku Katete, ndipo amagwira nchito ya ulonda ku Roma. Mkazi ndi Mbemba wa ku Kasama, ndipo amagulitsa tomato ndi makala pamsika. Ali ndi ana atatu m'zipinda ziwiri za lendi. Kwa miyezi ingapo malipiro a mwamuna safika onse kunyumba, ndipo mkazi akafunsa, yankho limakhala mkwiyo. Makolo a mwamuna ali kutali pafupifupi makilomita 500, a mkazi makilomita oposa 800. Kodi mkaziyu akadandaule kuti? Nanga mwamunayo, ngati nayenso ali ndi cakukhosi, akaciulule kwa yani? Sungani banja limeneli m'maganizo, pakuti tidzabwererako kawirikawiri.

Kumudzi cikwati cinali ndi eni ake

Pakati pa Acewa cikwati sicinali ca anthu awiri okha. Mnyamata akapeza mbeta, anali kuuza atsibweni ake kapena mkulu wake, ndipo mtsikana nayenso anali kuuza a kwao. Anthu amenewa ndiwo anali kukumana ndi kumanga mfundo. Dzina lao ndi ankhoswe. Ana inu, samalani pocilemba: khoswe ndi kanyama koba cimanga m'nkhokwe, koma nkhoswe ndi munthu woimira cikwati. Panali ankhoswe a kucimuna ndi ankhoswe a kucikazi, ndipo m'madera ambiri anali kusinthana tambala ndi msoti monga cizindikiro cakuti mabanja awiri alumikizana. Mwamuna ndi mkazi ongolowana popanda ankhoswe sanali kuwerengedwa okwatirana, ngakhale atakhala pamodzi zaka zambiri.

Nchito yaikulu ya nkhoswe inali kuyamba phwando litatha. Mwana akadwala, nkhoswe anali woyamba kuuzidwa. Maliro akagwa, uthenga unali kudzera mwa iye. Ndipo m'nyumba mukabuka mkangano, wolakwiridwayo sanali kuthamangira kubwalo la mfumu, koma anali kupita kwa nkhoswe wace. Iyeyo anali kumvetsera, nakaonana ndi nkhoswe mnzace, ndipo pa tsiku lopangana onse anali kukhala pansi pamkeka. Aliyense anali kupatsidwa mpata wolankhula kufikira mau ace atatha. Wolakwa anali kudzudzulidwa pamaso pa abale ace omwe, ndipo kawirikawiri anali kupereka nkhuku yopepesera. Mlandu ukakula ndi pamene unali kupita kwa nyakwawa, ndipo funso loyamba la kubwalo linali lakuti ankhoswe ali kuti. Ngakhale cikwati cikafika pakutha, cisudzulo cinali kucitika pamaso pa iwo amene anacimanga. Mwambo umenewu unalembedwa mwatsatanetsatane mu 1955 ndi J. P. Bruwer, amene anagwira nchito ya misyoni kum'mawa kwa dziko lino.

Pali mfundo ina imene muyenera kuigwiritsa, pakuti ndiyo mfungulo ya phunziro lonseli. Acewa ndi Ansenga amatsata mtundu wa amai, ndipo mwamuna akakwatira anali kukakhala kwao kwa mkazi monga mkamwini. Nyumba inali pamudzi wa mkazi, munda unali wa makolo a mkazi, ndipo alongo ace, eni mbumba, anali pafupi. Mkamwini waulesi kapena wankhanza anali kudziwa kuti akhoza kuuzidwa kuti anyamule mkeka wace. Mwamuna akafuna kutengera mkazi kwao, anali kupempha cilolezo ca citengwa. Kwa Angoni a Mpezeni zinali zosiyana: iwo anali kulowola ndi ng'ombe, mkazi anali kupita kwa mwamuna, ndipo mkangano unali kukambidwa ndi akuluakulu a mabanja awiri amene ng'ombezo zinawalumikiza. Abemba anali ndi nkhalapakati wochedwa shibukombe, ndiponso amai ophunzitsa mkwatibwi ochedwa banacimbusa, ofanana ndi anamkungwi a Acewa. Maina anali osiyana, koma mfundo inali imodzi: cikwati ciri conse cinali ndi anthu odziwika amene anali ndi udindo wocichinjiriza.

Tisanamizane kuti kumudzi zonse zinali zokoma. Nkhoswe wina anali wokondera, wina wamantha, ndipo mkazi wokwatiwa kutali ndi kwao nthawi zina anali kusowa womumvera. Koma munthu anali kudziwa khomo loti agogode.

Pamene amuna anapita kutauni

Msonkho wa atsamunda ndiwo unayamba kusuntha anthu. Pofuna ndalama yolipira boma, amuna anapita ku migodi ndi mapulazi a ku Southern Rhodesia, ku Joni, ndipo pambuyo pake ku migodi ya mkuwa ya dziko lino. Lusaka anayamba mu 1905 monga poimira sitima ya pamtunda, nakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935. Atsamunda anaumanga monga mzinda wa Azungu. Munthu wakuda anali kuonedwa ngati mlendo wobwera kudzagwira nchito ndi kubwerera kwao. Anali kuyenda ndi citupa, ndipo malo ogona anali kupatsidwa ndi bwana wace.

Taonani tsono mmene zinthu zinatembenukira. Kumudzi mwamuna wa Cicewa anali kukhala pamalo a mkazi. M'tauni mkazi ndiye anali kukhala m'nyumba yolembedwa m'dzina la mwamuna. Cikwati cikatha, mkazi anali kutaya mwamuna ndi denga lomwe. Alongo ace anali kutali, ndipo kalata yopita kwa nkhoswe inali kuyenda masabata. Ndiponso mafumu a kumidzi ndi boma la atsamunda anagwirizana zoletsa akazi kupita m'matauni popanda cilolezo. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 mkazi wopezeka m'tauni alibe cikalata ca cikwati anali kutha kubwezedwa kumudzi. Cotero mkazi wozunzika anali kuganiza kawiri asanadandaule, poopa kuti dandaulo lace lingamukwezetse lole yobwerera kwao.

Anthu sanakhale manja lende. Anayamba kufunafuna ankhoswe atsopano. Munthu wa mudzi woyandikana ndi kwanu, ngakhale sanali mbale weniweni, anali kusanduka malume wa m'tauni. Eni migodi naonso anaona kuti mikangano ya m'nyumba ikuononga nchito. Mu 1931, pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, anayambitsa dongosolo lakuti mtundu uli wonse usankhe akuluakulu ace oweruza timilandu ta m'komboni, ndipo yambiri mwa milanduyo inali ya m'banja. Dongosololi linatha mu 1953 pamene anchito a m'migodi analikana mwa voti, posankha kuimiridwa ndi bungwe lao la anchito.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma linakhazikitsanso makhoti a anthu akuda m'matauni. Oweruza ace anali nduna zotumidwa ndi mafumu a kumidzi, kuti aweruze monga mwa miyambo ya makolo. Koma apa panabuka funso limene kumudzi silinali kufunsidwa kawirikawiri: mwamuna akakhala Mcewa ndipo mkazi Mbemba, kapena mwamuna Mlozi ndipo mkazi Mnsenga, mlandu uweruzidwe ndi mwambo wa yani? A. L. Epstein, amene anakhala m'makhoti amenewa ku migodi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, anaonetsa kuti oweruzawo anali kufunafuna mfundo zimene mitundu yonse inali kuvomereza za mmene mwamuna kapena mkazi wanzeru ayenera kukhalira. Pang'onopang'ono panabadwa mwambo wa m'tauni, wosakhala wa mtundu umodzi.

Mu 1948 panabwera lamulo lokakamiza olemba anchito ndi makhonsolo kupezera anchito akuda nyumba, kuphatikizapo za okwatira, ndipo m'zaka zotsatira Matero ndi Chilenje watsopano anamangidwa. Nyumbazo sizinakwane. Anthu ambiri anamanga zao pa malo a eni mapulazi, nalipira lendi ya pansi. N'cifukwa cace komboni ya George iri ndi dzina la George Hadjipetrou, mwini malowo, ndipo Chawama kale inali kuchedwa Roberts.

Ufulu ubweretsa makomo atsopano

Pa 24 October 1964 Zambia analandira ufulu, ndipo ziletso za maulendo zinatha. Akazi ndi ana anabwera m'tauni mwaunyinji. Mu 1969 anthu a mu Lusaka anaposa 260,000, ndipo pofika 1980 anaposa 530,000. Kanyama, Kalingalinga, George, Chawama ndi Ng'ombe anadzaza. Mtendere anayamba mu 1967 monga malo opimidwa kumene anthu anali kudzimangira okha. Kuyambira mu 1974 boma linavomereza mwa lamulo kuti makomboni otere akhoza kukonzedwa m'malo mogwetsedwa.

Banja lathu la ku Ng'ombe likadakangana m'zaka zimenezo, khomo lapafupi likadakhala la cheyamani wa cipani. Kuyambira mu December 1972 kufikira mu 1991 dziko linali ndi cipani cimodzi, UNIP, ndipo makomboni anagawidwa m'timagawo ta nyumba pafupifupi 25. Cheyamani wa kagawo anali ngati nyakwawa wa m'tauni. Anali kudzutsidwa pakati pa usiku kukaleretsa ndeu, ndipo m'mawa anali kuitana awiriwo pamodzi ndi amai a cipani kuti akambirane. Ena mwa macheyamani anali anthu anzeru ndi oleza mtima. Ena anali kuyamba afunsa khadi la cipani asanamve mlandu. Mphamvu yao inacepa cipani cimodzi citatha.

Khomo laciwiri linali khoti. Mu 1966 lamulo lochedwa Local Courts Act linacotsa makhoti a nthawi ya atsamunda ndi kuika makhoti aang'ono amene tiri nao kufikira lero, monga a ku Matero, Chilenje ndi Chawama. Makhoti amenewa amaweruza zikwati za mwambo, amalankhula zinenero zathu, ndipo pa milandu ya m'banja munthu amadziimira yekha popanda loya. Cinthu cimene ambiri sacidziwa ndi cakuti munthu akhoza kusumira mnzace kukhotiko osati kuti cikwati cithe, koma kuti ayanjanitsidwe. Ndipo oweruza amafunsabe funso lija la kubwalo la mfumu: kodi malowolo kapena cimalo cinaperekedwa, nanga abale a mbali zonse anakhalapo pansi? Cikwati colembetsa kuboma ciri ndi njira yace. Anthu akuda analoledwa kukwatirana mwa njira imeneyi kuyambira mu 1963, ndipo cikwati cotere cimathetsedwa ku Khoti Lalikulu lokha. Kwa zaka zambiri khotilo linali kutsata malamulo a cisudzulo a ku England, kufikira Zambia anapanga lace mu 2007.

Panalinso khomo lacitatu, lacilendo ndithu kwa makolo athu: kulembera kalata munthu wosamudziwa. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 nyuzipepala ya Central African Mail ya mu Lusaka inali ndi tsamba limene owerenga anali kufunsirapo nzeru za cikondi ndi cikwati. Woyankha anali Barbara Hall, amene anali kulemba m'dzina lakuti Josephine, ndipo makalatawo anasonkhanitsidwa m'buku lochedwa Tell Me, Josephine mu 1964. Taganizani za mnyamata amene agogo ace sakadaulula nkhani ya m'nyumba kwa munthu wa mudzi wina, iye ali kuilemba papepala kuti dziko lonse liwerenge. Izi zitionetsa kukula kwa njala ya uphungu imene anthu a m'tauni anali nayo.

Ena, posafuna kuti nkhani imveke, anali kupita mwakacetecete kwa sing'anga kukafuna mankhwala okometsa cikondi kapena obweza mwamuna woyendayenda. Njira imeneyi iripo ndi lero, ndipo yadya ndalama za mabanja ambiri popanda kukhalitsa pansi awiri okanganawo.

Alangizi ndi mipingo

Anamkungwi ndi banacimbusa sanatsale kumudzi. Anabwera m'tauni, naphunzirana nzeru, ndipo mu Lusaka onse amadziwika ndi dzina la Cinyanja lakuti alangizi. Kumudzi mlangizi anali mbale kapena mnansi. M'tauni kawirikawiri amakhala mai wodziwika m'komboni kapena mumpingo, amene makolo a mkwatibwi amamuitana ndi kumulipira. Amaphunzitsa mtsikana asanalowe m'banja, ndipo mavuto akabuka mkaziyo amabwerera kwa iye. Nthawi zina mwamuna ndiye amabweza mkazi wace kwa alangizi, ati akaphunzitsidwenso. Pali funso limene muyenera kulifunsa pamenepa: nanga mwamunayo amabwezedwa kwa yani? Alangizi aamuna alipo, koma kwa zaka zambiri maphunziro a mnyamata anali a madzulo amodzi pamene a mtsikana anali a masabata. Alangizi ena anaona okha kupendekeka kumeneku, ndipo anapanga mabungwe, monga Alangizi National Association of Zambia, kuti aunikenso zimene amaphunzitsa.

Mipingo nayo inasenza mbali yaikulu ya nchito ya ankhoswe. Mu Reformed Church in Zambia muli amai a Cigwirizano, kwa a Seventh-day Adventist kuli amai a Dorika, ndipo Akatolika kuyambira m'zaka za m'ma 1970 anagawa maparishi ao m'timagulu tating'ono ta akhristu oyandikana nyumba. Magulu amenewa amayendera odwala, amathandiza pamaliro, ndipo amakhalitsa pansi mabanja okangana. Ambiri okwatirana m'chalichi amasankha banja lacikulire la mumpingo kuti liwayang'anire, ndipo banjalo limagwira nchito yeniyeni ya nkhoswe ngakhale palibe ubale wa magazi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 mipingo ya Pentekosite inaculuka kwambiri m'makomboni, ndipo abusa ace anakhala khomo lina logogodapo.

Uphungu wa alangizi ndi wa mipingo wapulumutsa mabanja osawerengeka. Koma unali ndi liu limodzi limene linali kubwerezedwa koposa ena onse: pirira. Mkazi anali kuuzidwa kuti za m'nyumba saulula, ndi kuti banja ndi awiri, wacitatu ndi kapasule. Anthu a mu Lusaka anafika pochula cikwati mwanthabwala kuti shipikisha club, ndiko kunena gulu la opirira. Kupirira umphawi pamodzi ndi cinthu cabwino. Kupirira zolakwa zazing'ono za mnzako ndi nzeru. Koma kupirira nkhonya kwaika amai ambiri m'manda, ndipo mbiri ya zaka makumi anai zapitazi ndi mbiri ya mmene dziko linaphunzirira kusiyanitsa zinthu zimenezi.

Matenda ndi malamulo atsegula pakamwa

Cimene cinayamba kuswa cinsinsi ca m'nyumba ndi matenda a Edzi, amene anapezeka m'Zambia mu 1984. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wace anamwalira ndi matendawa, pa nthawi imene ambiri anali kuopa ngakhale kuwachula. Kunaoneka kuti kusakhulupirika m'banja sikunalinso mlandu wa nkhuku yopepesera, koma wa moyo ndi imfa. Panafunika aphungu a mtundu watsopano, ophunzitsidwa kumvetsera ndi kusunga cinsinsi. Bungwe la Kara Counselling linayamba mu Lusaka mu 1989, ndipo kuyambira mu 1994 ofufuza otsogoleredwa ndi Dr Susan Allen anayamba kuitana mwamuna ndi mkazi kuti apimidwe magazi ndi kulangizidwa ali pamodzi. Imeneyi inali nzeru ya pamkeka wa ankhoswe itavala malaya a cipatala: awiriwo amve coonadi nthawi imodzi, pamaso pa munthu wacitatu wosakondera.

Pa nthawi yomweyo amai ophunzira malamulo ndi mabungwe monga YWCA anayamba kunena molimba kuti kumenya mkazi si mwambo koma mlandu. Mu 1990 bungwe la maloya a m'Zambia linatsegula National Legal Aid Clinic for Women, kuti amai osauka apeze thandizo la malamulo. Kale mkazi wopita kupolisi ali ndi mabala anali kuuzidwa kuti abwerere akakambirane kunyumba. Pofuna kuthetsa zimenezi, apolisi anakhazikitsa nthambi ya Victim Support Unit mu 1994, ndipo inayamba nchito mu 1996. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lochedwa Anti-Gender-Based Violence Act. Lamuloli limati nkhanza si kumenya kokha. Kuopseza, kutukwana kosalekeza, kukakamiza, ndi kumana banja zofunika mwadala, zonsezi ndi nkhanza, ndipo khoti likhoza kulamula wankhanzayo kuti asayandikire wozunzidwa. Limateteza amuna ndi akazi mofanana. M'zipatala zina za m'makomboni, kuphatikizapo ca Ng'ombe, munakhazikitsidwa malo amene wozunzidwa akhoza kuonana ndi namwino, phungu ndi wapolisi pakhomo limodzi. Mu 2016 makhoti ofulumiza milandu ya nkhanza anatsegulidwa ku Kabwe ndi ku Lusaka. Ndipo mu 2023 lamulo la zikwati linasinthidwa kotero kuti munthu wosakwana zaka 18 sangakwatire kapena kukwatiwa, ngakhale mwa mwambo.

Tibwerere ku banja lathu

Lero Lusaka ali ndi anthu oposa mamiliyoni awiri, ndipo banja lathu la ku Ng'ombe liri ndi makomo ambiri kuposa amene agogo ao anali nao. Foni ya m'manja yabweza nkhoswe wa ku Katete ndi shibukombe wa ku Kasama pafupi, pakuti akhoza kumva mbali zonse tsiku lomwelo. Pali alangizi, akulu a mpingo, aphungu a kucipatala, khoti laling'ono ndi apolisi. Ena amaponya nkhani zao pa Facebook kuti anthu osawadziwa aweruze, koma khamu silisunga cinsinsi, ndipo silidzabwera mawa kudzaona ngati ana adya.

Kuculuka kwa makomo kumafuna nzeru yodziwa khomo loyenera mlandu uli wonse. Ngati nkhani ndi ya malipiro osafika kunyumba, ya apongozi, kapena ya mau opweteka olankhulidwa mu mkwiyo, malo ace ndi pamkeka, pamaso pa anthu amene onse awiri amawakhulupirira. Mutu umodzi susenza denga, ndipo safunsa anadya phula. Ngati nkhani ndi ya matenda, malo ace ndi kucipatala, onse awiri pamodzi. Ngati cikwati cafika posakonzeka, khoti liripo kuti ana ndi katundu asamalidwe mwa cilungamo. Koma ngati m'nyumba mwalowa cibakera, mpeni kapena ciopsezo ca imfa, umenewo suli mlandu wa ankhoswe okha. Nkhoswe wabwino, mlangizi wabwino ndi mbusa wabwino ndiye amene amaperekeza wozunzidwayo kucipatala ndi kupolisi, osati kumubweza kumoto.

Mukayang'ana mbiri yonseyi mudzaona kuti makolo athu sanayembekezere anthu awiri kusenza cikwati paokha. Kufuna thandizo sikunali kuulula cinsinsi. Kunali mwambo weniweniwo. Cimene tauni inaononga ndi kuyandikana kwa abale, ndipo mbadwo uli wonse wayesa kumanga cina m'malo mwace.

Kwa inu aphunzitsi, mwana amene akusinza m'kalasi, kapena amene wasiya mwadzidzidzi kuseka ndi anzace, mwina sanagone usiku cifukwa ca phokoso la kunyumba. Musathamangire kumukalipira. Muitaneni pambali, mumvetsereni, ndipo ngati pali coopsa dziwitsani mphunzitsi wamkulu ndi oyang'anira za uphungu pasukulu panu.

Kwa inu ana, mikangano ya makolo anu si mlandu wanu, ndipo si nchito yanu kuiweruza kapena kulowa pakati pa ndeu. Mukaona kuti wina akupwetekedwa, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira: agogo, azakhali, amalume, aphunzitsi kapena akulu a mpingo. Mukhozanso kuimba foni kwaulere pa nambala 116, imene ndi ya ana, ndipo akuluakulu ozunzidwa akhoza kuimba pa 933. Tsiku lina inunso mudzakula, ndipo mlongo wanu kapena mphwanu adzagogoda pakhomo panu usiku kuti mukhale nkhoswe wace. Mudzamve mbali zonse ziwiri musanayankhe.

Mafunso ndi nchito ya m'kalasi

1. Chulani nchito zitatu za nkhoswe pakati pa Acewa.

2. Fotokozani cifukwa cace mkazi wa Cicewa anali ndi citetezo cacikulu kumudzi kuposa m'tauni m'nthawi ya atsamunda.

3. Kodi cinacitika n'ciani m'zaka izi: 1935, 1966, 2011?

4. Ndi milandu iti ya m'nyumba imene iyenera kupita kwa ankhoswe, ndipo ndi iti imene iyenera kupita kupolisi?

5. Funsani agogo anu kapena munthu wacikulire wa m'dera lanu dzina la nkhoswe m'cinenero ca kwao ndi nchito zimene anali kugwira. Lembani maina onse amene kalasi lapeza pabolodi, ndipo muone pamene miyamboyo ifanana ndi pamene isiyana.